Ngamira ndi Kamera: Dzina la Nyama Imene Sitidaiŵete, ndi Vuto la Ngamira za m'Buku la Genesis

M'chigwa cha Honde, m'boma la Mutasa kum'maŵa kwa Zimbabwe, kuyambira ku Samanga ndi ku Hauna mpaka kumakomboni a minda ya tiyi ya Eastern Highlands Plantations, mumakhala mabanja ambiri amene makolo ao adachokera ku Malaŵi ndi ku Mozambique kudzafuna ntchito. N'chimodzimodzinso ku Chipinge, kumene tiyi wa Tanganda adayamba kubzalidwa m'chaka cha 1924. Kumalo otereŵa Chicheŵa chimakhala pakhomo limodzi ndi Chimanyika ndi Chindau, kotero kuti munthu mmodzi angathe kumva nkhani imodzi ya m'Baibulo m'zilankhulo ziŵiri mwezi usanathe. Akaimva m'Chicheŵa, nyama imene mtumiki wa Abrahamu adapita nayo kukafunira Isake mkazi ndi *ngamira*. Akaimva m'Baibulo lakale la Chishona, la 1949, nyama yomweyo ndi *kamera*, pamene m'mabuku ena a Chishona ndi *ngamera*. Chigwa cha Honde n'cha mvula yambiri ndi nkhungu, pansi pa phiri la Nyangani, ndipo ngamira siidaŵetedwemo ndi kale lomwe. Komabe dzina lake lidafikamo, ndiponso lidafika podzera njira ziŵiri.

Cholinga changa m'pepala lino nkulondola njira ziŵirizo, kenaka nkugwiritsa ntchito zimene tipezepo pounika mtsutso wakale wa akatswiri a Malembo: kodi Abrahamu akadatha kukhala ndi ngamira? Ndikhulupirira kuti ife amene tili ndi dzina popanda nyama tili pabwino kuona mbali ina ya mtsutsowu imene eni ngamira saiona msanga.

Kumene dzinali lidachokera

Maina onse atatu aja ali ndi kholo limodzi. M'zilankhulo za mtundu wa Chisemiti tsinde lake ndi *g-m-l*: m'Chiheberi ndi *gamal*, m'Chiarabu ndi *jamal*, m'Chigiizi cha ku Ethiopia ndi *gamal*. Agriki adalibwereka nalisandutsa *kamelos*, Aroma adati *camelus*, ndipo kuchokera pamenepo lidaloŵa m'Chingerezi, m'Chipwitikizi ndi m'Chiafrikaans, chimene chimati *kameel*. Nthambi ya *k* imeneyi ndiyo idakocheza ku Cape nikwera kumpoto ndi amishoni ndi ngolo za ng'ombe. Chizulu ndi Chindebele zimati *ikamela*, Chisutu chimati *kamele*, Chitonga cha ku Zambia chimati *nkamela*, ndipo *kamera* wa Chishona ndi wa banja lomwelo.

Nthambi ya *g* idadzera kunyanja ya mchere ya kum'maŵa. Chiswahili chimati *ngamia*, Chinyarwanda chimati *ingamiya*, Chiganda chimati *eŋŋamira*, Chibemba chimati *ingamila*, Chitumbuka chimati *ngamila*, ndipo ife timati *ngamira*. Kuti dzina lathuli silidachokere kwa Azungu, malamulo a chilankhulo chathu ndiwo atitsimikizira. Dzina lachilendo likamaloŵa m'gulu la I-Zi limalandira liwu la m'mphuno kumayambiriro kwake: *batata* wa Apwitikizi adasanduka *mbatata*, *sapato* idasanduka *nsapato*, ndipo *darahim* ya Aarabu idabala *ndalama*, imene Ashona amati *ndarama* ponena golide. Tsono m'Chicheŵa liwu la m'mphuno likakumana ndi *k* timamva *nkh*, monga m'mau akuti nkhuku ndi nkhani. Dzinali likadachokera ku *kameel* bwenzi tikunena kuti *nkhamera*, kapena kungoti *kamera* monga tidachitira ndi *kavalo* ndi *kalata*. Popeza timati *nga*, ndiye kuti amene adatipatsa dzinali ankalitchula ndi *g*.

Pali umboni wina umene ine ndimauona wolimba zedi. Ntchito yaikulu yomasulira *Buku Lopatulika* la 1922 idagwiridwa ndi William Murray wa mpingo wa Dutch Reformed, mothandizana ndi Alexander Hetherwick wa ku Blantyre ndi aphunzitsi a kuno kwathu. Ntchito yaikulu yomasulira Baibulo la Chishona idachitikira ku Morgenster, mishoni ya mpingo womwewo, imene A. A. Louw adaiyamba mu 1891, patangopita zaka ziŵiri chiyambire mishoni ya Mvera. Amishoni a malo aŵiriŵa adali a mpingo umodzi, ochokera ku Cape komweko, odziŵa *kameel* kuyambira ali ana. Koma a ku Morgenster adalemba *kamera*, pamene a ku Nyasaland adalemba *ngamila*. Kusiyana kumeneku kukumveka pokhapokha ngati omasulira a ku Nyasaland adapeza dzina lili kale pakamwa pa anthu, nasoŵa chifukwa chobwerekera lina.

Pa lembo la *l* kapena *r* m'pofunika kuchedwapo pang'ono. Chiswahili chidataya *l* pakati pa malembo a liwu m'mau ambiri. Ife timati njira, mvula, makala, kulira, kukula. Aswahili amati *njia*, *mvua*, *makaa*, *kulia*, *kukua*. Choncho *ngamia* kale adali *ngamila*, ndipo Chimwiini cha ku Barawa m'dziko la Somalia, chimene chidasunga *l*, chimati *ngamiila*. Wina angafulumire kunena kuti, popeza dzina lathu lili ndi *l*, ndiye kuti tidalilandira kalekale, Aswahili asanataye lembolo. Mwina n'zoona, koma umboniwo paokha ngwosakwanira. Munthu wodziŵa zilankhulo ziŵiri zachibale amazindikira msanga kuti *njia* ya mnzake ndiyo *njira* yake, ndipo akamva *ngamia* angathe kubwezeramo *l* mwa iye yekha, ngakhale dzinalo walimva dzulo lomweli. Ayao amene ankayenda pakati pa nyanja yathu ndi Kilwa, ndiponso anthu a Jumbe amene adakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, adali anthu a malilime aŵiri otere. Chimene *l* atiuza n'chakuti dzinali lidadutsa pakamwa pa Abantu akumtunda. M'mishoni wokopera m'buku la Chiswahili akadalemba *ngamia* basi.

Nayenso *g* ali ndi nkhani yake. Mau ambiri a Chiarabu amene adaloŵa m'Chiswahili amasunga *j*, monga *jini*, *jibu* ndi *jumla*. *Ngamia* sadatsate njira imeneyo. Angakhale mau obwereka akale kwambiri, kapena ochokera kwa Aarabu a zigawo za Yemen ndi Oman kumene lembo limeneli amalitchula *g* mpaka lero.

Kunena za nyama yeniyeniyo, idayesedwa kuno ndipo idalephera. M'mwezi wa March 1866 David Livingstone adatsika m'chombo ku Mikindani ali ndi ngamira 6, njati zoŵeta za ku India, nyulu 2 ndi abulu 4, pofuna kuona ngati zingapirire kashembe. Adatsata mtsinje wa Rovuma, nafika kwa Mataka ku Mwembe, m'chigawo cha Niassa cha masiku ano, mu July, ndipo mu August adaona nyanja. Palibe ngamira ndi imodzi yomwe imene idafika kunyanjako. Zonse zidafera m'njira, zina chifukwa cha ntchentche ndi nkhalango yoŵirira, zina chifukwa cha nkhanza za asilikali achimwenye amene ankaziyendetsa, monga mwini wake adadandaulira m'buku lake la ulendo. Ku Rhodesia nako, mliri wa 1896 utapulula ng'ombe zokoka ngolo, ngamira zidaitanitsidwa kuchokera ku India mu 1903, koma ntchitoyo siidakhalitse. Amalonda athu amene adafika ku Zanzibar kapena ku Mombasa ndiwo akadaiona ngamira ikuzungulira mtondo woyengera mafuta a chitoŵe. Ena onse adalandira dzina lokha. (Esiteti ya Tingamira ku Chipinge tisaikokere m'nkhaniyi, kufanana kwake ndi ngamira nkwa m'makutu chabe.)

Tsono tili ndi zinthu zitatu zimene siziyendera pamodzi: nthaŵi imene dzina lidafika, nthaŵi imene nyama idaonekako mwa apo ndi apo, ndi nthaŵi imene nyama idasanduka chiŵeto cha masiku onse. Kwathu kuno chachitatucho sichidachitike nkomwe. Tiyeni tipite nazo zitatuzi ku Genesis.

Ngamira za Abrahamu

Dzina lakuti *gamal* limapezeka koposa ka 50 m'Chipangano Chakale, ndipo koposa ka 20 lili m'Genesis mokha. Pa 12:16 ngamira zili pakati pa chuma chimene Abramu adalandira ku Egypt. M'mutu 24 mtumiki atenga ngamira 10 kunka nazo kwa abale a mbuye wake. Pa 31:34 Rakele abisa timafano ta atate ake m'chokhalira cha pangamira. Pa 32:15 Yakobo atumizira Esau ngamira zoyamwitsa 30 pamodzi ndi ana ake. Pa 37:25 abale a Yosefe aona Aismaele akuchokera ku Gilead, ngamira zao zitasenza zonunkhira za malonda kunka nazo ku Egypt. Malinga ndi kaŵerengedwe kozoloŵereka, makolo ameneŵa adakhala ndi moyo pakati pa zaka za 2000 ndi 1600 Khristu asanabadwe.

Vuto lake ndi ili. Zolemba ndi zithunzi za nthaŵi imeneyo n'zodzaza ndi abulu. Amalonda a ku Assur amene ankapita ku Kanesh, m'dziko la Turkey la masiku ano, cha m'ma 1900 B.C., adasiya makalata zikwizikwi a padothi, ndipo katundu wao yense, nsalu ndi chitini, ankayenda pa abulu. Chithunzi cha m'manda a Khnumhotep II ku Beni Hasan, cha m'ma 1890 B.C., chimaonetsa alendo ochokera chakum'maŵa akuloŵa mu Egypt ndi abulu. Makalata a ku Mari, mzinda wa m'mbali mwa Euphrates umene unkachita zambiri ndi mafuko oŵeta nkhosa, satchula ngamira. Poona zimenezi W. F. Albright adanena m'zaka za m'ma 1940 kuti ngamira siidakhale chiŵeto chodalirika kufikira cha m'ma 1100 B.C., ndipo kuti olemba a pambuyo pake ndiwo adaziloŵetsa m'nkhani za makolo. Joseph Free adamtsutsa mu 1944, nasonkhanitsa tizifanizo ndi mafupa a ku Egypt. Mtsutsowo udapitirira, mu 1975 Richard Bulliet adauonjezera mbali ya zokhalira ndi malonda m'buku lake lotchedwa *The Camel and the Wheel*.

Mu 2013 Lidar Sapir-Hen ndi Erez Ben-Yosef a ku yunivesite ya Tel Aviv adafalitsa zimene adapeza m'migodi yakale ya mkuŵa ya ku Timna, m'chigwa cha Aravah. Atapima zaka za miyalo ya dothi ndi njira ya kaboni, adaona kuti mafupa a ngamira ayamba kuchuluka mwadzidzidzi chakumapeto kwa zaka za m'ma 900, ndiye kuti cha m'ma 930 B.C., nyengo imene Farao Shoshenq I adathira nkhondo dzikolo. M'miyalo ya pansi pake, ya anthu omwewo osungunula mkuŵa, zonyamula katundu ndi abulu. Mu February 2014 nyuzipepala za maiko ambiri zidalemba nkhaniyi ngati kuti ngamira yagwetsa Baibulo. Akatswiri aŵiriwo sadanene zimenezo. Iwo adangotchula nthaŵi imene ngamira ya linunda limodzi idayamba kugwira ntchito kumwera kwa dziko la Kanani.

Apa m'pofunika kukumbukira kuti ngamira zoŵeta zili mitundu iŵiri, ndipo mbiri zake n'zosiyana. Ya linunda limodzi kwao ndi ku Arabia. Anthu adaidziŵa kalekale ili nyama yakuthengo: zithunzi zazikulu zosemedwa pamatanthwe ku al-Jawf, kumpoto kwa Saudi Arabia, zidapimidwa mu 2021 nkupezeka kuti zili ndi zaka 7,000 kapena 8,000. Pachilumba cha Umm an-Nar ku Abu Dhabi ndi pa Al Sufouh ku Dubai pali mafupa ambiri a ngamira, koma Hans-Peter ndi Margarethe Uerpmann pamodzi ndi akatswiri ena adasonyeza kuti ngambiri mwa iwo nga nyama zosakidwa ndi alenje. Pa Tell Abraq, m'dera lomwelo, mafupawo amayamba kuchepa, monga zimachitikira nyama ikasakidwa mopitirira. Kenaka cha m'ma 1000 B.C. achulukanso, koma tsopano ali a nyama zocheperako msinkhu, chimene ndi chizindikiro chodziŵika cha kuŵeta. Kafukufuku wa DNA amene Faisal Almathen ndi anzake adafalitsa mu 2016 adalozanso kumwera chakum'maŵa kwa Arabia. Kuchokera pamenepo zinthu zidathamanga. Pankhondo ya ku Qarqar mu 853 B.C., mwala wa mfumu Shalmaneser III wa ku Assyria utchula Mwarabu wina dzina lake Gindibu amene adabwera ndi ngamira 1,000, ndipo dzina limene lalembedwa pamwalapo ndi *gammalu*, mbale wake weniweni wa *ngamira* yathu. Mu 671 B.C. Esarhaddon adaoloka chipululu cha Sinai ndi madzi osenzedwa pa ngamira za mafumu a Aarabu.

Ya malinunda aŵiri kwao ndi pakati pa Asia, ndipo idaŵetedwa kale kwambiri kuposa inzakeyo. Ku Altyn-depe m'dziko la Turkmenistan kudapezeka tingolo tadothi tokhala ndi mitu ya ngamira, ta zaka za pakati pa 3000 ndi 2000 B.C., ndipo ku Shahr-i Sokhta m'dziko la Iran kudapezeka ndoŵe ndi ubweya wake za nyengo yomweyo. Chidindo china cha ku Syria, cha pakati pa 1800 ndi 1650 B.C., chimene chikusungidwa ku Walters Art Museum mumzinda wa Baltimore, chimaonetsa anthu aŵiri atakhala pa malinunda a nyama yotere.

Kwa ife a zilankhulo umboni wokoma koposa uli m'mindandanda ya maina imene ana a sukulu a ku Mesopotamia ankakopera padothi. M'mindandanda ya ku Nippur, ya nyengo yoyandikana ndi ya Hammurabi, muli nyama yotchedwa m'Chisumeri *am-si-kur-ra*, kunena kuti njovu ya kumapiri, ndiponso *am-si-har-ra-an*, njovu ya paulendo. Alembi a pambuyo pake adamasulira maina ameneŵa kuti ngamira. M'mindandanda ya zaka mazana angapo pambuyo pake mukutuluka *anshe-a-ab-ba*, bulu wa kunyanja, amene ndi ngamira ya linunda limodzi, yodzera ku Gulf. Katchulidwe kotere ife sitikadabwa nako, pakuti tidachita zomwezo pamene tidati njinga yamoto ndi sitima yapamtunda: chinthu chachilendo chimabwereka dzina la chinthu chodziŵika. Agriki ataona nyamalikiti adaitcha *kamelopardalis*, ndipo mtengo wa *kameeldoring* wa ku Kalahari dzina lake lidachokera kwa nyamalikitiyo, *kameelperd*, osati kwa ngamira. Maina a Chisumeri aja akutiuza kuti alembi ankaidziŵa nyamayo ndiponso kuti idali yachilendo. Sakutiuza kuti idali m'khola la munthu aliyense. Mwana wa sukulu wa ku Nippur wolemba njovu ya paulendo sasiyana kwenikweni ndi mwana wa ku Samanga woŵerenga za ngamira pa Sande sukulu.

Martin Heide, amene adalemba buku la *Camels in the Biblical World* pamodzi ndi Joris Peters mu 2021, adatsindika mfundo yakuti Chiheberi sichisiyanitsa mitundu iŵiriyi: zonse ndi *gamal*. Banja la Abrahamu lidachokera ku Harran, kumpoto kwa Mesopotamia, ndipo nkhani za ngamira za m'mitu 24, 30 ndi 31 zikukhudza dera lomwelo. Motero nkotheka kuti munthu wolemera wa kumeneko akadakhala nazo ngamira zoŵerengeka za malinunda aŵiri, monga chuma chosoŵa chodzionetsera. Mafupa a ku Timna sangatsutse zimenezi, chifukwa akunena za nyama ina, m'dziko lina.

Komabe ine sindiganiza kuti yankho limeneli likwanira mavesi onse. Aismaele a pa 37:25, ndi ngamira zao zosenza zonunkhira, akufanana kwambiri ndi malonda a lubani amene adakula pambuyo pa 1000 B.C., malonda omwe aja a mfumukazi ya ku Sheba pa 1 Mafumu 10. Ngamira za ku Egypt pa 12:16 n'zovutanso, popeza Aejipito sadasiye dzina la nyamayi m'malembo ao opatulika, ndipo ndoŵe za ngamira zakale zimene zidapimidwa bwino m'chigwa cha Nile, za ku Qasr Ibrim, n'za pambuyo pa 1000 B.C. Vesi lomwelo lili ndi mndandanda wosokonekera, wotchula abulu aamuna, kenaka akapolo, kenaka abulu aakazi, nkumalizira ngamira, ngati kuti dzanja lina lidaonjezerapo. Tionenso kuti Abrahamu yemweyo popita kukapereka nsembe m'mutu 22 amanga bulu, ndipo ana a Yakobo pokagula tirigu ku Egypt, ulendo wodutsa m'chipululu umene ngamira ikadathandiza koposa, apita ndi abulu. Buku lomwelo likutchula Afilisti, amene adafika m'dzikomo cha m'ma 1175 B.C.; likutchula mzinda wa Dani pa 14:14, pamene Oweruza 18:29 akuti dzina lake loyamba lidali Laisi; ndipo pa 36:31 likunena za mafumu a Edomu amene adalamulira Aisraele asanakhale ndi mfumu, mau amene angalembedwe ndi munthu wodziŵa kuti mafumuwo adadzakhalako.

Aliyense amene adakhalapo pamoto madzulo adziŵa m'mene zotere zimachitikira. M'nthano zathu Kalulu amaba chimanga ndi mtedza, mbeu zimene zidachokera ku America pambuyo pa 1492. Palibe munthu wanzeru amene anganene kuti nthanozo zidapekedwa Apwitikizi atafika, kapena kuti chimanga chidalipo kuno chiyambire. Wosimba amaveka nkhani yakale zovala za masiku ake kuti omvera aimve. Mlembi wa ku Yuda wofuna kusonyeza kuti Abrahamu adali mwini chuma adatchula chiŵeto chimene omvera ake ankayesera chuma, monga buku la Yobu limpatsa Yobu ngamira 3,000 poyamba ndi 6,000 potsiriza. Choncho ngamira za m'Genesis zitithandiza kudziŵa nthaŵi imene nkhanizo zidalembedwa m'maonekedwe amene tili naoŵa. Pa funso lakuti nkhanizo zidayamba liti kusimbidwa pakamwa, ngamira ilibe mau. Amene amati fupa la ku Timna latsutsa Abrahamu, ndi amene amati chidindo cha ku Baltimore chamtsimikizira, onse aŵiri akusenzetsa umboni katundu woposa mphamvu zake.

Zotsalira kwa omasulira

Kukhala ndi dzina kudatipeputsira ntchito, komanso kudatibisira zina. Omasulira a 1922 sadavutike monga adavutikira ndi chipale chozizira kapena mitengo ya ku Lebanon. Koma woŵerenga amene sadaione ngamira amadutsa m'mutu 24 wa Genesis osazindikira kulemera kwa zimene Rebeka adachita. Ngamira yaludzu ingathe kumwa mpaka malita 100 pa nthaŵi imodzi. Ngamira 10 ndiye malita 1,000, ndipo mai wa ku Samanga amene amatunga ndi chigubu cha malita 20 aŵerenga yekha kuti ameneŵa ndi maulendo 50 a kuchitsime. Ngakhale titadula chiŵerengerocho pakati, mayeso amene mtumiki adaika adali a ntchito yakalavulagaga, osati a ulemu wa kapu ya madzi. Mau aŵiri am'munsi mwa tsamba akadakwanira kubweza tanthauzo limeneli, ndipo ndikupempha kuti makomiti okonzanso Baibulo aganizirepo.

Chinanso n'chakuti ife tili ndi dzina limodzi pamene eni ake ali ndi ambiri. Chiheberi chili ndi *beker* ndi *bikrah*, ngamira zazing'ono, pa Yesaya 60:6 ndi Yeremiya 2:23. Chiarabu cha m'Qur'an, chimene Asilamu a m'makomboni omwe aja amachimva kumzikiti, chili ndi *ibil* pa 88:17, *naqa*, ngamira yaikazi ya mneneri Salih, *ba'ir* m'nkhani ya Yusuf, ndi *jamal* pa 7:40. Ife tikamasulira timangoonjeza kuti yaikazi, yaing'ono, yamphongo. Palibe cholakwa pamenepo, pakuti nafenso tili ndi maina a nyemba ndi a nsomba amene Mwarabu angaŵamasulire ndi dzina limodzi. Kuchuluka kwa maina kumatsata ntchito ya manja.

Vesi la 7:40 la Qur'an likunena fanizo lomwe lija la ngamira ndi kaboo ka singano limene lili pa Mateyu 19:24, Marko 10:25 ndi Luka 18:25. Pa fanizo limeneli pamamveka mafotokozedwe aŵiri m'maulaliki, ndipo onse ngofooka. Oyamba amati ku Jerusalem kudali kachipata kakang'ono kotchedwa dzina la singano, kamene ngamira inkaloŵapo chogwada itatula katundu. Palibe cholembedwa cha nthaŵi ya Yesu chotchula chipata chotero. Nkhaniyo idatuluka patapita zaka mazana ambiri. Achiŵiri amati liwu lenileni lidali *kamilos*, chingwe cha chombo, osati *kamelos*. Zoonadi, mipukutu ina ya pambuyo ili ndi *kamilos*, ndipo chifukwa chake n'chodziŵika: m'Chigriki cha pambuyo malembo a liwu aŵiriwo adayamba kumveka chimodzimodzi. Koma mipukutu yakale koposa ili ndi ngamira, ndipo Talmud ya ku Babylon ili ndi fanizo lomwelo lonena za njovu. Ku Palestine nyama yaikulu koposa idali ngamira, ku Babylon ankadziŵa njovu. Fanizolo likufuna nyama yaikulu ndi kaboo kakang'ono, kuti womvera aseke kenaka achite mantha. Kukadakhala kuti omasulira athu sadapeze dzina la ngamira, njovu ikadagwira ntchitoyo bwino lomwe, ngakhale ikadasoŵetsa mtendere pa chovala cha Yohane Mbatizi, chimene chidali cha ubweya wa ngamira.

M'Chishona vuto lafika ndi mbali ina. Pamene *kamera* ankalembedwa ku Morgenster, makina ojambulira zithunzi adali chinthu cha anthu oŵerengeka. Lero mwana aliyense wa m'chigwa cha Honde adziŵa kamera ya pafoni, ndipo vesi la singano likaŵerengedwa m'Baibulo lakale liwu lomwelo limamtengera kwina. Mabaibulo ena atsopano a Chishona ali ndi *ngamera*, dzina la nthambi ya kum'maŵa, ngakhale *e* wakeyo akuoneka ngati wotengera kwa *kamera*. Ngati ndi choncho, ndiye kuti nthambi ziŵiri zija, imene idazungulira ku Greece, ku Rome ndi ku Cape, ndi imene idatsika ndi gombe la Aswahili, zidalumikizana m'liwu limodzi m'dziko la Ashona. Kuti tidziŵe ngati Acheŵa obwera kudzagwira ntchito, amene mpingo wao udayamba ku Salisbury mu 1912 ndi mbusa T. C. B. Vlok, adathandiza kufalitsa *ng* ameneyu, kapena ngati adafika kale ndi amalonda a ku Sena ndi ku Sofala monga adafikira *ndarama*, njira yake nkufunsa nkhalamba za Chimanyika ndi Chindau, za m'midzi ndi za m'makomboni padera, ndi kuyerekeza ndi mabuku oyamba a mishoni za Old Umtali, St Augustine's ndi Mount Selinda.

Za kalembedwe kathu, *Buku Lopatulika* lidalemba *ngamila*, pamene *Buku Loyera* la 1998 lidalemba *ngamira*, motsata lamulo la Chichewa Board lakuti pambuyo pa *i* ndi *e* tizilemba *r*. M'Chicheŵa *l* ndi *r* sizisiyanitsa tanthauzo, choncho onse aŵiri ndi liwu limodzi. M'Chishona cholembedwa mulibe *l*, ndipo ana a Acheŵa ophunzira m'sukulu za ku Mutasa ndi ku Chipinge adzalemba *r* ngakhale lamulo la Board sadalimvepo.